Abusa David Kaunda: Mlendo Amene Sanakhale Mame

Mu Lusaka muli sukulu ya sekondale yochedwa David Kaunda, ndipo makolo ambiri kuno ku Rufunsa amalakalaka kuti mwana wao akapeze malo kumeneko. Mulinso komboni yochedwa Helen Kaunda, ndipo ku Kitwe kuli sukulu ya atsikana ya dzina lomweli. Tikafunsa acinyamata athu kuti anthu awiriwa anali ndani, yankho limabwera msanga: anali makolo a Kenneth Kaunda, mtsogoleri woyamba wa dziko lathu. Yankholi ndi loona, koma ndi lalifupi. Pamene Kenneth anabadwa mu 1924, atate ake anali atagwira kale nchito ya Mulungu m'dziko la eni kwa zaka 19. Tikufuna tikumbutsane za moyo wa munthu ameneyu pamodzi ndi banja lake, cifukwa nkhani yao ikutikhudza ife amene timalandira abusa, alaliki, aphunzitsi ndi anamwino ocokera kutali, ndiponso ife amene ana athu amacoka pakhomo kukafuna moyo kwina.

Akuluakulu amati mlendo ndi mame, kutanthauza kuti sakhalitsa, dzuwa likangokwera wapita. A David Kaunda anabwera m'dziko lino ngati mlendo, koma sanabwererenso kwao. Manda ao ali ku Chinsali.

Kwao kunali ku Nyasaland

A David Kaunda anabadwa ca m'ma 1878 kumpoto kwa Nyasaland, dziko limene lero ndi Malawi. Anali a mtundu wa Atonga a m'mbali mwa nyanja, amene ndi osiyana ndi Atonga athu a kumwera kwa Zambia. Anabadwa pa nthawi ya nkhondo za mitundu ndi malonda a akapolo, pamene makolo sanali kudziwa ngati mwana amene wapita kumadzi abwerako. Pa nthawi yomweyo amishoni a ku Scotland anali atangofika. Anayamba pa Cape Maclear mu 1875, nasamukira ku Bandawe pakati pa Atonga mu 1881. Mu 1894 Dr Robert Laws anatsegula sukulu yaikulu pa phiri la Khondowe, imene tonse timaidziwa ndi dzina lakuti Livingstonia.

Ku sukulu imeneyi ndi kumene a Kaunda anaphunzira. Ophunzira a kumeneko sanali kungowerenga Baibulo. Anali kuphunzira masamu, Cingelezi, uphunzitsi ndi nchito za manja, ndipo anali kuyembekezeredwa kukagawira ena zimene alandira. Sukulu ikatsekera, magulu a ophunzira anali kutumidwa kumidzi yakutali kukalalikira ndi kuphunzitsa ana kuwerenga. Mu 1904 gulu lotere linapita kumadzulo, kudziko la Ababemba, ndipo a David Kaunda anali mmodzi wa iwo. Anzao atamaliza ulendo anabwerera kukapitiriza moyo wao kwao. A Kaunda anabwererako naonso, koma mtima unatsala kumene anacokako. Mu 1905 anapitanso ku Chinsali, ulendo uno kukakhala.

Ulendo wa ku Chinsali

Kucoka ku Livingstonia kufika ku Chinsali ndi mtunda woposa makilomita 200, ngati kucoka ku Lusaka kukafika pa mlatho wa Luangwa. Ife mtunda umenewu timauyenda m'maola ocepa pa msewu wa tara. Iwo anayenda pansi, katundu ali pamutu. Pakati pa malo awiriwa pali mapiri ozizira a Nyika ndi cigwa ca kumtunda kwa mtsinje wa Luangwa, mtsinje womwewu umene timaoloka tikamapita ku Nyimba ndi ku Petauke. Madzi amene amadutsa kum'mawa kwa boma lathu amacokera kudera limene mphunzitsi ameneyu anadutsa.

Sanakakhale yekha. Mkazi wao anali a Helen Nyirenda, naonso mwana wa ku Nyasaland amene anaphunzira m'masukulu a mishoni ya Livingstonia. Mai aliyense amene anakwatiwa kutali ndi kwao akudziwa kulemera kwa cinthu cimeneci. Kumeneko kulibe amai ako oti akuthandize pa uchembere, kulibe acemwali oti uwadandaulire, ndipo ngakhale kupempha moto kwa mnansi kumafuna cinenero cimene sunacidziwe. Banja la a Kaunda linayenera kuphunzira Cibemba, kuzolowera nsima ya mawere, ndi kudziwa ulemu woyenera pamaso pa mafumu a Ababemba, amene anali odziwika ndi mphamvu zao pa nkhondo. Mlendo wolakwitsa ulemu pa bwalo la mfumu sakanapatsidwa ana kuti awaphunzitse.

Dziko limene anafikamo linali litangosintha kumene. Kampani ya British South Africa inali italanda ulamuliro zaka zocepa m'mbuyomo, ndipo inali kulamulira dera lonse la kumpoto cakum'mawa kucokera ku Fort Jameson, kumene lero ndi Chipata. Ansembe a Cikatolika a White Fathers anali atakhazikika kale ku Kayambi ndi ku Chilubula. Mishoni ya Livingstonia inali ndi malo ku Mwenzo, kufupi ndi malire a Tanzania, koma ku Chinsali kunalibe mzungu wa mishoni ngakhale mmodzi. Kwa zaka 8, kucokera mu 1905 kufika mu 1913, nchito ya kumeneko inali m'manja mwa mphunzitsi wacikuda ndi mkazi wake.

Anayambira pa ana ndi acinyamata

Njira imene a Kaunda anagwiritsa nchito ndi imene anaphunzira ku Livingstonia. Anali kuyamba ndi sukulu. Nyumba ya mitengo ndi matope, yofolera udzu, inali sukulu mkati mwa mlungu ndipo pa Sondo inali chalichi. Ana akadziwa kuwerenga, amene anali patsogolo anali kutumidwa kumidzi yoyandikira kukaphunzitsa anzao, kenaka n'kubweranso kudzaonjezera maphunziro ao. Motero mnyamata wa zaka zocepa anali kukhala mphunzitsi ndi mlaliki pamudzi, ndipo masukulu anafalikira m'midzi yambiri ya Chinsali popanda kudikira ndalama zambiri kapena anthu ocokera kunja.

Apa pali cinthu coti ticione bwino. A Kaunda sanaone acinyamata ngati anthu ongofunika kuwaletsa zoipa. Anawapatsa nchito yeniyeni ndipo anawakhulupirira. Mnyamata amene wapatsidwa kalasi ya ana 20 kuti awaphunzitse amayamba kudzisunga, cifukwa akudziwa kuti maso a mudzi ali pa iye. M'mera mpoyamba, ndipo iwo anadziwa kuti mpingo wa mawa uli mwa ana amene akhala pansi ndi sileti lero.

Amai Helen anagwira mbali imene mwamuna sakanaikwanitsa. Amakumbukiridwa ngati mmodzi wa akazi oyamba acikuda kuphunzitsa m'dziko lino. Pa nthawi imene makolo ambiri sanali kuona cifukwa cotumizira mtsikana kusukulu, atsikana ndi amai a ku Chinsali anaona ndi maso ao mkazi wodziwa kuwerenga amenenso anali kulima, kusinja ndi kulera ana ngati iwo. Nyumba ya banjali inali ulaliki woonekera. Anthu amene sanali kumvetsa zonse za pa guwa anali kuona mmene mwamuna ndi mkazi akukhalira, mmene akulerera ana, ndi mmene akulandirira alendo. M'buku la Macitidwe timawerenga za Akula ndi Priskila, banja limene linasamuka kwao ndi kusandutsa nyumba yao kukhala malo ophunzitsiramo Mau a Mulungu. Zimene zinacitika ku Chinsali zikufanana ndi zimenezo.

Mulungu anawapatsa ana 8. Womaliza anabadwa pa 28 April 1924, makolo ake atakhala m'banja zaka pafupifupi 20, ndipo anamucha Buchizya, kutanthauza wobwera mosayembekezereka. Ameneyu ndiye Kenneth. M'buku lake la mu 1962 lochedwa Zambia Shall Be Free, iye anafotokoza za ubwana wake m'nyumba ya mapemphero, nyimbo ndi mwambo. Ana a banjali anakula akulankhula Cibemba ndi kusewera ndi ana a Ababemba. Kwa iwo kwao kunali ku Chinsali.

Masiku osadziwika za mawa

Tisaganize kuti nchitoyi inacitika pa nthawi ya mtendere. Boma la kampani linali litaika msonkho wa nyumba, ndipo kuti apeze ndalama ya msonkho anyamata anayamba kucoka m'midzi kupita kumigodi ya ku Katanga ndi ku Southern Rhodesia. Mphunzitsi anali kuphunzitsa mnyamata zaka ziwiri kapena zitatu, kenaka n'kumva kuti wapita kukafuna nchito. Mu 1906 boma linaletsa citemene, ulimi wodula nthambi ndi kuziotcha umene Ababemba anali kudalira, ndipo anthu anakwiya ndi kuvutika ndi njala. M'zaka zomwezo matenda a kaodzera, amene amabwera ndi kashembe, anavuta m'cigwa ca Luangwa kotero kuti boma linaletsa maulendo m'madera ena. Ife a ku Rufunsa matenda amenewa timawadziwa. Kwa banja la a Kaunda, cigwa cimeneci ndi cimene cinali pakati pa iwo ndi abale ao.

Mu 1914 kunabuka nkhondo yaikulu ya dziko lonse. Malire a dziko la Ajeremani, limene lero ndi Tanzania, sanali kutali ndi Chinsali. Amuna zikwizikwi a kumpoto anatengedwa kukanyamula katundu wa asilikali, nchito imene anthu anaicha tengatenga, ndipo ambiri anafera m'njira ndi njala ndi matenda. Mu November 1918 asilikali a Ajeremani otsogozedwa ndi von Lettow-Vorbeck analowa m'dziko lino nafika mpaka ku Kasama. Anamva za kutha kwa nkhondo ali pa mtsinje wa Chambeshi, ndipo anakatula zida ku Abercorn, kumene lero ndi Mbala, pa 25 November. Nkhondo itangotha kunabwera mliri wa cimfine umene unapha anthu ambiri m'midzi. M'zonsezi banja la a Kaunda linakhalabe pa nchito yao. Munthu wina akanati nthawi yaipa, tiyeni tibwerere kwathu tikadikire kuti zinthu zikhale bwino. Iwo anaona kuti nthawi yoipa ndi imene anthu amafuna kwambiri munthu wokhala nao.

A Kaunda sanatseke maso pa mavuto a anthu. Dzina lao limachulidwa pamodzi ndi la a Donald Siwale pakati pa aphunzitsi a mishoni amene anayambitsa bungwe la Mwenzo Welfare Association, limodzi mwa mabungwe oyamba amene anthu acikuda anapanga kuti azikambirana ndi boma za madandaulo ao mwamtendere.

Kudikira zaka 25

Mu 1913 mishoni inatumiza m'busa wa ku Scotland, Robert McMinn, ndipo malo a mishoni anakhazikitsidwa pa Lubwa, m'dera la mfumu Nkula, kufupi ndi Chinsali. A McMinn anagwira nchito yaikulu, makamaka yomasulira Baibulo m'Cibemba pamodzi ndi a Paul Mushindo. Koma tiyenera kunena zoona: pamene iwo anafika anapeza munda wolimidwa kale, masukulu alipo, ndi anthu okonzekera ubatizo. Kuyambira pamenepo munthu amene anayamba nchitoyo anakhala pansi pa ulamuliro wa amene anabwera pambuyo.

Pa zaka zonsezi a Kaunda anali mphunzitsi ndi mlaliki cabe. Anali kuphunzitsa anthu m'kalasi ya akumva ndi ya okonzekera ubatizo, koma analibe cilolezo cobatiza kapena kugawa Mgonero wa Ambuye. Livingstonia inadzoza abusa ake oyamba acikuda mu 1914, ndiwo a Yesaya Zerenje Mwasi, a Hezekiah Tweya ndi a Jonathan Chirwa. A Kaunda anadzozedwa mu 1930, patapita zaka 25 cifikireni ku Chinsali. Kucedwa kumeneku sikunali kwa mishoni imodzi yokha. Kum'mawa kwa dziko lathu, mishoni ya Dutch Reformed inayamba pa Magwero mu 1899, koma m'busa woyamba wacikuda, a Justo Mwale, anadzozedwa mu 1929. Ena mwa anzao a nthawi imeneyo anatopa ndi kudikira, nacoka kukayamba mipingo yao, monga anacitira a Mwasi mu 1933. Sitiwaweruza, cifukwa madandaulo ao anali ndi maziko. Tikungoona kuti a Kaunda anasankha njira ina. Anapitiriza kutumikira popanda udindo umene unawayenera.

Ubusa wao unali wa zaka ziwiri zokha. Anamwalira mu 1932, pa nthawi imene migodi ya ku Copperbelt inali kutsekedwa cifukwa ca kugwa kwa cuma padziko lonse, ndipo anyamata anali kubwerera kumidzi manja ali m'thumba.

Mkazi wamasiye m'dziko la eni

Pamene abusa anamwalira, Kenneth anali ndi zaka 8. Nyumba ya m'busa ndi ya mpingo, ndipo m'busa akamwalira banja lake limayenera kupeza kwina kokhala. Mwa mwambo wathu, mkazi wamasiye amabwerera kwa abale ake. Amai Helen anatsala. Anakhazikika pa Shambalakale, kufupi ndi Lubwa, nalera ana ao ndi khasu. Kenneth anaphunzira pa Lubwa, napita ku Munali mu 1941, nabwerera kudzaphunzitsa pa Lubwa pomwepo mu 1943. Pa sukulu yomweyo panaphunziranso a Simon Kapwepwe. Pa 24 October 1964 mwana womaliza wa mphunzitsi wocokera ku Nyasaland anakhala mtsogoleri woyamba wa Zambia. Mpingo wa pa Lubwa unalowa mu United Church of Zambia pamene mpingowu unapangidwa mu January 1965.

Koma ulendo wa makolo uli ndi mtengo umene ana amalipira. Mu 1996 malamulo a dziko anasinthidwa kuti wopikisana pa utsogoleri wa dziko akhale munthu amene makolo ake onse awiri ndi a m'Zambia, ndipo Kenneth Kaunda sanathe kuimanso. Mu 1999 khoti lalikulu la ku Ndola linagamula kuti iye si nzika ya Zambia, cigamulo cimene cinacotsedwa caka cotsatira. Sitikuchula izi kuti tilowe m'ndale. Tikuzichula kuti tione kuti patapita zaka zoposa 90 atate ake atafika ku Chinsali, mwana wobadwira kuno anali kukumbutsidwabe kuti ndi mwana wa mlendo. Ana a abusa ndi a alaliki amene amakulira kumalo kumene makolo ao anatumidwa amalidziwa funso limeneli lakuti kwanu kwenikweni ndi kuti.

Kwa ife a ku Rufunsa

Boma lathu ndi la alendo ambiri. M'madera a mafumu athu a Mpanshya, a Shikabeta ndi a Bunda Bunda mukukhala Asoli, Ansenga, Acewa, Ababemba, Atonga ndi ena. Ambiri mwa amene amatiphunzitsira ana ndi kutilalikira anatumidwa kuno kucokera kutali. Ena amafika ndi mkazi amene sadziwa Cisoli kapena Cinyanja, ndi ana amene asiya anzao kusukulu ina. Tidzifunse ngati mpingo: kodi mkazi wa abusa kapena wa mlaliki ali ndi mnzake pakati pathu, kapena timangomuyang'anira zolakwa? Kodi ana ao timawalola kukhala ana, kapena timawasenzetsa katundu wa udindo wa atate ao? Nanga mtumiki akamwalira ali pakati pathu, banja lake timalikumbukira maliro akatha? Akulu a mpingo ndi amai a cigwirizano akhale pansi pa nkhani imeneyi lisanafike tsiku la maliro.

Naifenso tili m'masiku osadziwika za mawa. Mu 2024 masukulu anacedwa kutsegulidwa cifukwa ca kolera, ndipo cilala cinaumitsa cimanga m'minda mpaka boma linalengeza kuti ndi tsoka la dziko lonse. Anyamata athu ena ali m'thengo kuocha malasha, ena ali m'maenje kufuna golide, ena akwera basi kupita ku Lusaka osadziwa kumene akagone. Atsikana ena asiya sukulu asanakhwime. N'zosavuta kunena kuti za acinyamata tidzaziona zinthu zikadzakhala bwino, tikadzamanga holo kapena tikadzapeza otithandiza. A Kaunda analibe holo. Anali ndi nyumba ya udzu, mkazi wogwirizana nao, ndi mtima wokhulupirira mnyamata kuti angathe kuphunzitsa mnzake. Mu mpingo uliwonse muno muli wacinyamata amene anamaliza giredi 12 ndipo akungokhala. Timupatse ana a Sande sukulu, timupatse kalasi yowerenga ya madzulo, timutume ndi mkulu wa mpingo kukayendera odwala. Mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo nyumba zathu zingakhale malo amene ana a eni amapezako cakudya, pemphero ndi munthu wowamvetsera.

Kwa inu acinyamata amene mudzacoka kuno kupita ku Lusaka, ku Copperbelt kapena kunja kwa dziko, kumbukirani kuti a David Kaunda anali ndi zaka za m'ma 20 pamene anacoka kwao. Kumene mukupita mukapeza anthu a cinenero cina ndi miyambo ina. Phunzirani cinenero cao, lemekezani akuluakulu ao, funani mpingo mlungu woyamba, ndipo musabise cimene mumakhulupirira.

A Kaunda sanaone Baibulo lonse la Cibemba litasindikizidwa, cifukwa linatuluka mu 1956. Sanaone mwana wao akukula, ndipo sanaone dziko la Zambia. Anaona ana a m'midzi ya Chinsali akuphunzira kuwerenga, ndipo pa nchito imeneyo anakhalapo zaka 27. Pa Sondo likubwerali, tiyeni tipempherere mwa maina mabanja onse a atumiki amene ali pakati pathu, ndi ana athu onse amene ali kutali ndi kwao. Ambuye atithandize kukhala okhulupirika pamalo pamene watiika.